Mizere ya Sean Scully si ntchito yamasewera

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri anthu akaima patsogolo pa chithunzi cha Sean Scully: "Izi ngakhale mwana wa sitandade 2 angajambule." Pachithunzipo palibe nkhope, palibe phiri, palibe ng'ombe kapena nyumba. Pali mizere yokhayokha, ina yoimirira ina yogona, ndi timabokosi tamitundumitundu tosanjikizana. Wojambulayu anabadwira ku Dublin, likulu la Ireland, pa 30 June 1945, ndipo wakhala akujambula mizere kwa zaka zoposa 50. Ntchito yake ili m'nyumba zikuluzikulu zosungira zojambula ku London, ku New York ndi ku Dublin komweko. Ena amati ndi mwayi chabe, ena amati ndi matama a ogulitsa zithunzi ofuna kukweza mitengo. Ine ndikukana zonsezi. Scully anachita chinthu chimodzi chovuta kwambiri, ndipo munthu angathe kuchiona ndi maso ake atadziwa poyang'ana: pamene mtundu umodzi wa penti ukukumana ndi unzake. Luso lake lonse lagona pamalire amenewo.

Banja lake linachoka ku Ireland mu 1949 n'kukakhala ku London, m'madera a anthu osauka a kum'mwera kwa mzindawo. Ali ndi zaka 15 anayamba kuphunzira ntchito yosanja zilembo zachitsulo pamalo osindikizira mabuku, ndipo anagwirako ntchito zamanja pa zomangamanga. Usiku ankapita kukaphunzira zojambula. Kenako analowa Croydon College of Art mu 1965, ndipo mu 1968 anapita ku yunivesite ya Newcastle. Ntchito ziwiri zoyambazo musazipeputse. Wosanja zilembo amaphunzira kuti mpata wa pakati pa mizere ndi wofunika mofanana ndi mzere weniweniwo, ndipo womanga amadziwa kuti chinthu cholemera chiyenera kukhala pa chinzake chimene chingachinyamule. Zithunzi za Scully zimamangidwa choncho, chidutswa pa chidutswa.

Mu 1969 anapita ku Morocco, kumene anaona nsalu za mizere ndi ulusi wonyika mu utoto utayanikidwa m'misika. Atabwerako anayamba kujambula mizere yopingasana, yosanjikizana kambirimbiri ngati ukonde. Mizere imeneyi ankaiwongola ndi tepi yomata. Njira ya tepi ndi yosavuta kuifotokoza. Umamata tepi pansalu, umaisisita m'mphepete kuti igwire, umapaka penti, kenako umaimatula. Zovuta zake n'zodziwika kwa aliyense wopenta: ukapanda kusisita bwino, penti imalowa pansi pa tepi ndipo mzere umatuluka wa manomano, ukadikira kuti penti iumiretu, tepi imang'amba khungu la pentiyo pomatula. Akatswiri amayamba apaka m'mphepete mwa tepi ndi penti ya mtundu wa pansi kuti itseke timipata, kenako n'kupaka mtundu watsopano. Zonse zikayenda bwino, mzere umatuluka wakuthwa ngati wodulidwa ndi lezala. Koma mzere wotero suonetsa dzanja la munthu. Aliyense wotsatira malangizo angautulutse chimodzimodzi, ndipo pamenepa wonena za mwana wa sitandade 2 uja akanakhala ndi kamfundo pang'ono.

Zithunzi za tepizo zinamupatsa dzina msanga. Chionetsero chake choyamba ku Rowan Gallery ku London mu 1973 chinagulidwa chonse. Mu 1975 anasamukira ku New York, kumene panthawiyo ojambula otchuka ankalimbikira kuchotsa chilichonse chosonyeza mtima wa munthu pa ntchito yawo. Scully anatsatira gululo kwa zaka zingapo: timizere tating'onoting'ono, takuda pa takuda, totuwa pa totuwa. Akanatha kukalamba nazo zimenezo, pakuti ogula analipo.

Mu 1981 anataya tepi. Chaka chimenecho anamaliza Backs and Fronts (kutanthauza misana ndi kutsogolo), chithunzi chotalika pafupifupi mamita 6 m'litali ndi mamita 2.4 kukwera, chopangidwa ndi zigawo zoposa khumi zolumikizidwa, zosiyana msinkhu, chilichonse ndi mizere yakeyake ndi mitundu yakeyake. Zigawozo zaima mondondozana ngati anthu pamzere, wina wamtali wina wamfupi. Mizere yake inakokedwa ndi dzanja, moti ina ndi yonenepa pang'ono pakati, ina yopendekeka. Chinaonetsedwa mu 1982 ku P.S.1, malo oonetsera zojambula a ku Queens mu New York. Kwa anzake a ku New York kunali ngati kupanduka, chifukwa anabwezeretsa zinthu zonse zimene iwo anazithamangitsa: mitundu yowala, nkhwawa za burashi, ngakhale dzina la chithunzi lokumbutsa thupi la munthu. Ine ndikuona kuti ntchito yake yeniyeni inayambira pamenepa, ali ndi zaka 36.

Tsopano tione chimene chimachitika munthu akafuna kupanga chithunzi chotere ndi penti ya mafuta, pakuti apa ndi pamene ambiri amanamizika.

Poyamba pamafunika nsalu ya linen, yolukidwa ndi ulusi wa fulakesi, yokokedwa pafelemu ya matabwa. Nsalu ya mamita awiri kapena atatu imafuna felemu yokhala ndi mitanda kumbuyo, apo ayi matabwa amapindika nsalu ikakungika. Nsaluyo siipakidwa penti ya mafuta mwachindunji. Mafuta a fulakesi amene ali mu penti amadya ulusi pang'onopang'ono mpaka nsalu imafumbwa n'kuyamba kuthetheka. Choncho umayamba wapaka guluu wopyapyala wotseka ulusi, kenako penti yoyera ya pansi kawiri kapena katatu, uku ukudikira kuti iliyonse iume. Zikatha izi m'pamene Scully amalemba malire a timabokosi take ndi makala, pamanja, popanda rula.

Penti ya mafuta siuma ngati madzi amene amangouluka ndi dzuwa. Imauma chifukwa mafutawo amagwirana ndi mpweya n'kulimba, ndipo izi zimayambira pamwamba kupita pansi. Mitundu imasiyananso liwiro. Penti ya bulauni yochokera ku dothi lotchedwa umber imatha kuuma pamwamba m'tsiku limodzi kapena awiri. Yakuda yopangidwa ndi mafupa owotcha, komanso yofiira ndi yachikasu za cadmium, zimatenga masiku asanu kapena kuposerapo. Kuti penti yokhuthala ilimbe mpaka pansi pamapita miyezi 6 mpaka 12. Lamulo lakale la ojambula limati wosanjikiza wapansi ukhale ndi mafuta ochepa, wosungunulidwa ndi thinasi, ndipo uliwonse wobwera pamwamba ukhale ndi mafuta ochulukirapo. Ukatembenuza, wapamwamba umalimba msanga pamene wapansi ukadali kuyenda, ndiye wapamwambawo umang'aluka. Ukaika penti yambiri nthawi imodzi, pamwamba pamachita khungu pamene mkati mukadali phala, ndipo khungulo limachita makwinya. Ukadalira kwambiri penti yoyera ya zinc, patapita zaka imauma gwa n'kuyamba kusupuka. Izi zimagwera aliyense, kaya akujambula nkhope ya mfumu kaya mizere.

Vuto la Scully ndi lapadera chifukwa amapaka penti yatsopano pamwamba pa ina isanaume, ndi burashi yaikulu ngati ya openta nyumba, ndipo amabwereza kangapo pa kabokosi kamodzi. Walira mvula walira matope. Penti yaiwisi ikakumana ndi inzake yaiwisi zimasakanikirana, ndipo mitundu yotsutsana, monga yofiira ndi yobiriwira kapena ya buluu ndi ya olenji, ikasakanikirana kwambiri imabala mtundu wa matope wosawala konse. Ukadutsitsa burashi kamodzi kapena kawiri, mtundu wa pansi umatuluka m'timizere ta ubweya wa burashi ndipo kabokosiko kamakhala ngati kali ndi moto mkati. Ukadutsitsa kasanu, zonse zafa. Palibe chofufutira. Chotsala ndi kupala pentiyo ndi mpeni n'kuyambiranso, kapena kudikira masiku kuti iume. Ndiye pali kulemera: burashi yaikulu yodzaza penti pansalu yoimirira imadontha, ndipo dontho limodzi lotsikira m'kabokosi ka m'munsi limaononga malire. Wojambula ayenera kudziwa kukhuthala koyenera kwa penti yake, kuti iyende mosavuta koma isatsetsereke.

Fikani pafupi ndi chimodzi mwa zithunzi zake za m'gulu lotchedwa Wall of Light (khoma la kuwala), pafupi moti mphuno yatsala pang'ono kukhudza. Kabokosi kamene patali kamaoneka kotuwa, pafupi mupeza kuti pansi pake pali chikasu, ndipo pansi pa chikasucho pali kufiira. Pakati pa kabokosi ndi kanzake, burashi sinafike pamalire enieni. Yasiya kampata kosakwana kukula kwa chala, kosafanana m'litali mwake, ndipo m'kampatamo mtundu wa pansi ukuwala. Zili ngati khoma la njerwa zowotcha limene womanga sanatseke bwino mipata, ndiye dzuwa la kuseri likulowa m'ming'alu. Kampatako kakakula, timabokosi timabalalika ndipo chithunzi chimasanduka bolodi la masewera. Kakatsekeka, chithunzi chimakhala khoma lakufa. Kusunga kampata kotero pa timabokosi makumi awiri kapena atatu, pansalu yoposa msinkhu wa munthu, ndi burashi yotambalala ngati chikhato, penti ili yaiwisi, ndiye ntchito imene ndikunena. Amene akuti n'zosavuta agule chitini cha penti ayese pa kabokosi kamodzi kokha.

Wina anganene kuti kuvuta kwa ntchito sikutanthauza kuti ntchitoyo ili ndi phindu. N'zoona. Koma onani chimene njira imeneyi inamulola kunena. Mu 1983, chaka chomwe anakhala nzika ya America, mwana wake wamwamuna woyamba, Paul, anamwalira pa ngozi ya galimoto. Chaka chotsatira anajambula Paul, chithunzi cha zigawo zitatu chimene lero chili ku Tate, nyumba yosungira zojambula ya ku London. Palibe nkhope ya mnyamatayo, palibe manda. Pali mizere yolemera, yokhuthala, yopakidwa mobwerezabwereza, ndipo zigawozo zimakankhana m'malo mogwirizana. Kuyambira nthawi imeneyo mitundu yake inada kwa zaka zambiri. Mzere wa tepi sukanatha kunyamula chisoni chotero, chifukwa ulibe kunjenjemera, ulibe pamene dzanja linatopa kapena pamene linakanikiza mopitirira. Mzere wa pamanja uli nazo zonsezi. Ichi n'chimene Scully anabwezera ku zojambula zosafanizira chinthu, panthawi imene ambiri ankati mtundu umenewu wa zojambula watha ntchito.

Wall of Light inayamba mwakachetechete. Ali ku Mexico anachita chidwi ndi makoma akale a anthu a mtundu wa Maya, mmene mwala womwewo umasinthira mtundu m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mu 1984 anajambula kachithunzi kakang'ono ka penti ya madzi n'kukapatsa dzina limeneli. Panapita zaka 14 asanalisandutse zithunzi zikuluzikulu za mafuta, mu 1998. Kudikira kumeneku ndikukulemekeza kuposa mphoto zake zonse. Gulu la zithunzili linaonetsedwa ku Phillips Collection ku Washington mu 2005, n'kukafika ku Metropolitan Museum of Art ku New York mu 2006.

M'zaka za pambuyo pake anayamba kujambula kwambiri pa aluminiyamu. Kusinthaku si kwa fasho. Nsalu imamwa mafuta pang'ono ndipo imagwira burashi, komanso imalefuka kukachita chinyezi n'kukungika kukauma. Chitsulo sichimwa kanthu ndipo sichigonja burashi ikakanikiza. Penti imatsetsereka pamwamba pake, choncho mzere umodzi ungakokedwe kuchokera mbali ina kufika mbali ina mosadukiza, ndipo nkhwawa za burashi zimakhala zoonekera bwino. Vuto lake ndi lakuti chitsulocho chiyenera kutsukidwa mafuta onse a kufakitale, kukwechedwa ndi sandipepa kuti chikhale ndi mano, ndi kupakidwa penti ya pansi yogwira pa chitsulo. Kulumpha chimodzi mwa izi, penti imadzasupuka ngati khungu. Zithunzi za Landline, za mizere yogona yokhayokha yokumbutsa pamene mtunda, nyanja ndi thambo zimakumana, zambiri zili pa aluminiyamu, ndipo liwiro la dzanja limaoneka pa mzere uliwonse. Zinaonetsedwa ku Hirshhorn Museum ku Washington mu 2018.

Za ulemu umene walandira tingodutsa mwachangu. Anaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa Turner Prize, mphoto ya ojambula ya ku Britain, kawiri, mu 1989 ndi mu 1993, ndipo kawiri konse sanapambane. Anaphunzitsa pa sukulu ya zojambula ya ku Munich kuyambira 2002 mpaka 2007. Ndi membala wa Aosdána, bungwe lolemekeza aluso a ku Ireland, komanso wa Royal Academy ya ku London. Chionetsero chachikulu cha ntchito yake chinayenda ku Shanghai ndi ku Beijing mu 2014 ndi 2015. Mu 2015 zojambula zake zinaikidwa m'tchalitchi chakale cha Santa Cecília ku Montserrat, pafupi ndi Barcelona. Zonsezi zimangotiuza kuti anthu a maudindo anamuvomereza. Sizitiuza ngati chithunzi chili chabwino.

Funso limene limavuta ku Ireland kwenikweni ndi lakuti: kodi munthu amene anachoka ali ndi zaka zinayi, n'kukulira ku London, n'kutenga unzika wa America, n'kukhala ndi malo ogwirira ntchito ku New York ndi ku Germany, ndi wojambula wa ku Ireland? Ine ndikuti inde, ndipo chifukwa changa si chiphaso cha kubadwa. Mbiri ya Ireland ya zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ndi mbiri ya mabanja osauka okwera sitima kupita ku England kukafuna ntchito. Kuchotsa ana a mabanja amenewo m'kaundula wa aluso a dzikolo n'kukana gawo lalikulu la dziko lomwelo. Wojambula wotchuka Francis Bacon naye anabadwira ku Dublin mu 1909 n'kukagwira ntchito yake yonse kunja, koma chipinda chake chojambuliramo chinasamutsidwa ku London n'kukamangidwanso ku Hugh Lane Gallery ku Dublin. Nyumba yomweyo inatsegula chipinda cha Scully mu 2006, cha zithunzi zimene iye mwini anapereka. M'mbuyomo, mu 2005, Scully anapita ku zilumba za Aran, ku Ireland komweko, kukajambula ndi kamera makoma a miyala yosanjidwa popanda simenti, amene mphepo ndi kuwala zimadutsa m'mipata yake. Sanaphunzire njira yake ku Aran, pakuti Wall of Light inali itayamba kale, koma n'zoonekeratu chimene anapita kukafuna. Ndipo tisaiwale kuti Dublin yomweyo inanyoza wojambula Mainie Jellett mu 1923 ataonetsa zojambula zosafanizira chinthu. Kuti patapita zaka 83 mzindawo upereke chipinda chonse kwa wojambula mizere, panali ulendo.

Pali chodzudzula chimodzi chimene sindingachikane. Scully amatulutsa zambiri, ndipo si zonse zimene zili ndi moyo. Dzanja likazolowera, limatha kupanga kampata kowala kaja mosaganiza, ngati siginecha. Zithunzi zina za zaka zaposachedwa zimaoneka kuti zinatha msanga: wosanjikiza wapansi ndi umodzi, mitundu ndi yokoma m'maso kuyambira pachiyambi, ndipo palibe pamene pakuoneka kuti wojambula analimbana ndi cholakwika n'kuchikwirira. Ziboliboli zake zikuluzikulu za zitsulo ndi miyala yosanjikiza, ngakhale nsanja ya mamita 10 imene anaimika m'tchalitchi cha San Giorgio Maggiore ku Venice mu 2019, kwa ine n'zofooka poyerekeza ndi zithunzi. Chifukwa chake n'chomwecho chimene chinamuchititsa kutaya tepi: zinthu zotere zimadulidwa ndi kusanjidwa ndi amisiri ena motsatira muyezo, malire ake ndi akuthwa, ndipo dzanja lake mulibemo. Munthu amene anapanduka mu 1981 pofuna kubwezeretsa dzanja sayenera kuyamikiridwa mofanana pa ntchito imene dzanjalo lachokamonso.

Komabe chodzudzulachi chimagwira ntchito pokhapokha tavomereza muyezo umene Scully yemweyo anauika. Tikutha kusiyanitsa chithunzi chake champhamvu ndi chofooka chifukwa pali zinthu zenizeni zoyang'ana: kuchuluka kwa mitundu yokwiririka pansi, moyo wa malire, kulemera kwa kabokosi kamodzi poyerekeza ndi kanzake, ndi ngati chithunzi chonse chikuima kapena chikugwera mbali imodzi. Phimbani ndi dzanja kabokosi kamodzi kakuda pa chithunzi chabwino cha Wall of Light, mudzaona mbali inayo ikulemera mwadzidzidzi. Pa chithunzi chofooka mungaphimbe kalikonse, palibe chimene chimasintha.

Ambiri amene amamuweruza anangoona ntchito yake pa foni, pamene chithunzi cha mamita atatu chimafinyidwa kukhala cha masentimita 7. Pa msinkhu umenewo kampata ka chala kamasowa, nkhwawa za burashi zimasalala, zigawo zotuluka kunja kwa khoma za zithunzi za m'ma 1980 zimaphwatalala, ndipo chotsala ndi mizere imene mwanadi angakope. Amene angafike ku Dublin afunse kaye ngati chipinda cha ku Hugh Lane, pa Parnell Square, n'chotsegula. Amene ali ku London afunse ngati Paul chapachikidwa ku Tate panthawiyo, popeza nyumba zotere zimasinthasintha zoonetsa. Amene sangafike konse, afunefune pa intaneti zithunzi zojambulidwa pafupi kwambiri, zoonetsa ngodya imodzi ya kabokosi, ndipo awerenge mitundu imene ikusuzumira pansi pa mtundu wapamwamba asanapereke chigamulo.